Chidede, chidulo ndi kandulo: phunzitsani ana sayansi pakhonde

Mwezi wa Okutobala chaka chilichonse, mamembala a bungwe la American Chemical Society ku America amatuluka m'malabotale mwawo n'kupita kusukulu, kumalaibulale ndi kumalo ogulitsira malonda, atanyamula matambula, mabotolo ndi kabichi wofiira. Sabatayo amaitcha National Chemistry Week, ndipo inayamba mu 1987 ili ya tsiku limodzi lokha. Ntchito yaikulu imagwiridwa ndi nthambi za bungweli za m'mizinda, anthu ongodzipereka. Ku Britain nako bungwe la Royal Society of Chemistry lili ndi nthambi zochita zomwezi. Onsewa amafuna kuti munthu wamba aleke kuona chemistry ngati matsenga a anthu ovala makhoti oyera.

Chondiseketsa n'chakuti zambiri zimene amaonetsa ana pamasiku amenewo ife tili nazo kale kukhitchini. Agogo amene amacheza chidulo kuti aphikire therere akugwira ntchito ya chemistry, ngakhale m'kalasi sanapondemo. Ndiye musadikire kuti bungwe lina lidzafike pamudzi panu. Loweruka lina masana, yalani mkeka pakhonde, itanani ana anu ndi a oyandikana nawo.

Zofunika ndi izi: matambula oonekera m'kati asanu kapena asanu ndi limodzi (mabotolo a pulasitiki odula pakati amachita bwino), supuni, chidede chouma chodzaza dzanja, mandimu awiri, vinega, soda wophikira ndiwo, phulusa, sopo waufa, baluni ndi kandulo. Musanayambe, auzeni ana kuti lero palibe kulawa kanthu, ngakhale chimene amamwa masiku onse. Machesi ndi madzi otentha agwire wamkulu yekha.

Yambani ndi chidede

Viikani chidedecho m'makapu awiri a madzi owira kwa mphindi 15, sefani, mudikire chizizire. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: amachigwiritsa ntchito chili chakathithi ngati chakumwa. Chidede n'chowawasa kale pachokha, choncho chikachuluka mphamvu chimakana kusintha mtundu. Chisungunuleni ndi madzi mpaka muziona chala chanu kuseri kwa tambula, kenako gawani m'matambula onse.

Tambula loyamba musalikhudze, likhale loyerekezera. M'lachiwiri finyiranimo ndimu. Kusintha kwake n'kochepa, madziwo amangowala kufiira kuti psuu. M'lachitatu ikanimo nsonga ya supuni ya soda. Muona tithovu tikukwera, kufiira kuja n'kuyamba kuda. M'lachinayi sungunulanimo sopo waufa pang'ono. Lachisanu ndi la chidulo, ndipo ndi pamene ana amaimirira pamkeka. Donthezani pang'onopang'ono, mukutakasa. Madzi ofiira aja amada, kenako n'kubiriwira. Mwana wina adzakufunsani ngati mwathiramo utoto mobisa. Musamuyankhe msanga. Mupatseni ndimu afinyiremo yekha, aone kufiira kukubwerera ndi dzanja lake lomwe. Koma musachedwe nalo tambula limeneli, chifukwa chidulo champhamvu chikakhalitsamo chimaononga mtunduwo, ndiye ngakhale mufinyiremo mandimu angati, madziwo amangokhala otuwa.

Amene muli m'tauni momwe kabichi wofiira amapezeka, muyeseni nayenso. Muduleni, mumuviike m'madzi owira chimodzimodzi. Iye amaonetsa mitundu yambiri kuposa chidede: wapinki mukathiramo vinega, wapepo m'madzi wamba, wabuluu mukaikamo soda, wobiriwira ndi chidulo.

Tsopano afotokozereni. Zinthu zowawasa monga mandimu, bwemba, malambe ndi vinega zili ndi asidi. Soda, sopo ndi chidulo zili mbali ina, ya zinthu zotchedwa alkali. Magulu awiriwa akakumana amathetsana mphamvu. Mtundu wa m'chidede ndi m'kabichi uja, umene akatswiri amautcha anthocyanin, umasintha maonekedwe malinga ndi mbali imene yachuluka. Robert Boyle wa ku Ireland adalemba za zimenezi mu 1664, iye akugwiritsa ntchito madzi a maluwa a violet. Sikelo yoyezera kuwawasa, ya pH, adaikhazikitsa ndi Søren Sørensen ku Copenhagen mu 1909. Pa sikeloyo madzi abwino ali pa 7, ndimu ili cha pa 2, soda cha pa 8, ndipo madzi a phulusa amakwera kuposa apo. Mwana wa ku sekondale adzazipeza m'buku manambala amenewa, koma adzakhala atawaona kale ndi maso pakhonde la kwawo.

Chidulocho chezani limodzi ndi anawo, ndipo ngati agogo alipo, iwo ndiwo akhale aphunzitsi. Tengani chitini choboola pansi, yalanimo kansalu kapena udzu, dzazanimo phulusa la zitsononkho kapena la makoko a nyemba, thirani madzi pang'onopang'ono, azidonthera m'mbale. Mwana aviikemo nsonga ya chala, atikite ndi chinzake, kenako asambe. Amva kuterera ngati sopo. N'chifukwa chakuti alkali amasandutsa mafuta a pakhungu kukhala ngati sopo, ndipo ndi chifukwa chomwecho phulusa limayeretsa poto wa mafuta. M'maso mokha chisalowe. Chikalowa, tsukani ndi madzi ambiri kwa mphindi zosachepera 15.

Pali phunziro la amayi ndi abambo ophika pamenepa. Soda ndi chidulo zimafewetsa masamba msanga, koma zimaononganso vitamini C ndi vitamini B1. Sindikufuna kuyambana ndi okonda therere, inenso ndili m'gulu lomwelo. Ndikungoti nkhwani wanthete, bonongwe ndi mpiru zimapsa zokha popanda soda, ndipo pamene akufunikadi, katsine kamodzi n'kokwanira.

Baluni yodzifufumitsa yokha

Ichi n'chachidule. Thirani vinega m'botolo laling'ono la pulasitiki, afike gawo limodzi mwa magawo anayi. Ikani masupuni ang'onoang'ono awiri a soda m'kati mwa baluni, valikani kukamwa kwa baluniyo pakamwa pa botolo, kenako iimikeni kuti soda agwere m'vinega. Thovu lidzakwera, baluni n'kufufuma popanda wouzira. Mpweya wotulukawo ndi carbon dioxide, womwe uja umatupitsa mandasi ndi chigumu. Botolo musalitseke ndi chitsekerero chake. Ine ndidayesapo tsiku lina pofuna kudzionetsa kwa adzukulu, ndipo chitsekererocho chidauluka n'kukagunda malata, thovu lili mbwee pamalaya anga. Mpaka lero akandiona ndanyamula botolo la vinega amathawira kuseri kwa nkhokwe.

Mpweya wa carbon dioxide uja ndi wolemera kuposa mpweya umene timapuma. Sakanizani soda ndi vinega m'jagi, mudikire thovu litsike, kenako pendeketsani jagiyo pamwamba pa kandulo yoyaka ngati mukutsanula madzi, koma madziwo asatuluke. Kandulo imazima, pomwe palibe chimene maso aona chikutsika.

Kandulo ya Faraday

Michael Faraday anali mwana wa wosula zitsulo, ndipo ali mnyamata ankagwira ntchito yosoka mabuku. Atatchuka pa sayansi, ankaphunzitsa ana nyengo ya Khirisimasi ku Royal Institution mumzinda wa London, mwambo umene udayamba mu 1825. Mu 1848 adaphunzitsa za kandulo yokha basi, ndipo maphunziro amenewo adatuluka ngati buku mu 1861, lotchedwa The Chemical History of a Candle. Zina mwa zimene ankaonetsa mungazichite usiku magetsi akazima.

Yatsani kandulo, iyake kwa mphindi imodzi. Izimitseni ndi mpweya wapakamwa, ndipo msangamsanga ikani mtengo wa machesi woyaka mu utsi woyera umene ukukwerawo, pamwamba pang'ono pa chingwe. Moto umatsika ndi utsiwo n'kukayatsanso kandulo, machesi asanakhudze chingwe. Chimene chimayaka si chingwe chokha, si phula lolimba, koma nthunzi ya phula losungunuka. Kenako dutsitsani mbale yachitsulo pakati pa lawi, muone mwaye wakuda bii. Mapeto ake vundikirani kandulo ndi botolo lagalasi la kukamwa kwakukulu, ana awerenge mokweza mpaka izime. Bwerezani ndi botolo lalikulupo, ayerekeze. Pa magawo 100 a mpweya wotizungulira, 21 okha ndiwo oxygen, ndipo moto ukachepekedwa oxygen umafooka.

Pamenepa musadumphe, chifukwa ndi pamene masewera akumana ndi moyo. Makala oyaka m'chipinda chotseka, pomwe mpweya sukulowa mokwanira, amatulutsa carbon monoxide. Mpweya umenewu ulibe fungo, ulibe mtundu, ndipo umamatirira m'magazi mwamphamvu kuposa oxygen kopitirira ka 200. Munthu amayamba ndi mutu, chizungulire, nseru ndi tulo, ndipo ogona ambiri sadzukanso. Mwezi wa Juni ndi Julayi kukazizira, mbaula isagone m'nyumba, ngakhale makala aoneke ngati azilala. Mwana amene waona kandulo ikufa m'botolo savutika kumvetsa zimenezi.

Zimene siziyenera kufika pamkeka

Ana akazolowera kusakaniza zinthu, tsiku lina adzafuna kuyesa okha inu mutachoka. Choncho auzeni momveka, tsiku lomwelo, kuti Jik ndi mankhwala ena otsukira si zoseweretsa. Jik akasakanikirana ndi vinega kapena mankhwala a asidi otsukira chimbudzi amatulutsa mpweya wa chlorine, umene umawotcha maso, kukhosi ndi mapapo. Akuluakulu ambiri ndi amene amachita zimenezi, poganiza kuti mankhwala awiri ayeretsa koposa amodzi. Gwiritsani ntchito amodzi, tsukuluzani ndi madzi ambiri, zenera lili lotsekula. Mwangozi mukasakaniza, tulukani panja msanga, musayambe mwakolopa.

Mankhwala oteteza madzi akumwa monga WaterGuard alinso ndi chlorine, koma wochepa kwambiri. Tsatirani muyeso wolembedwa pabotolo, takasani, ndipo dikirani mphindi 30 musanamwe. Kuonjezera muyeso sikuonjezera chitetezo, kumangopangitsa ana kukana madziwo chifukwa cha fungo, n'kukamwa apachitsime osathira kanthu.

Caustic soda wopangira sopo si m'bale wake wa soda wa ndiwo, ngakhale maina akufanana ndipo onse ndi oyera. Amawotcha khungu ndipo akhoza kuchititsa khungu akalowa m'maso. Asakhale pashelefu imodzi ndi shuga kapena mchere. Mapiritsi ofukizira chimanga kuti chisafumbwe amatulutsa mpweya wa poizoni akakumana ndi chinyezi, choncho matumba othiridwa mapiritsi amenewa asasungidwe m'nyumba yogona anthu.

Ndipo pali parafini. Timamugula m'mabotolo a zakumwa, n'kumuika pansi kuseri kwa chitseko, pomwe mwana wokwawa amafika. Kwa mwana wa zaka ziwiri, botolo la Fanta ndi la Fanta basi. Mwana akamwa parafini musamusanzitse, musamukakamize mkaka, mafuta ophikira kapena dzira laliwisi, chifukwa posanza parafiniyo amalowa m'mapapo, komwe ndiye amaononga kwambiri. Mvuleni zovala zimene zanyowa naye, thamangirani naye kuchipatala, ndipo botololo mulitenge kuti adokotala aone chimene wamwa.

Mukamaliza kutsuka matambula madzulo a Lowerukalo, tengani cholembera chosafufutika, muyende ndi anawo m'nyumba monse. Botolo lililonse losalembedwa mulilembe dzina la zimene zilimo, ndipo la parafini, la Jik ndi la mankhwala a mbewu muwakweze pamwamba pomwe mwana sangafike ngakhale atakwera pampando.