Ngongole Zathu Zinali Kutsidya kwa Nyanja

Kwathu ku Tsangano, m'dziko la Mozambique, chuma chimatuluka m'nthaka. Kachewere wa m'mapiri ozizira ano amakwera magalimoto kupita ku Tete, wina amakagulitsidwa pa Tsangano Turn-off ndi pa Lizulu, pomwe msewu wa M1 ndiwo malire a Mozambique ndi Malawi. Malonda amenewa amayenda pa ngongole. Venda amapatsa mlimi feteleza kapena mbewu, mlimi n'kudzabweza matumba akakumba. Chiyambire zonsezi zimalembedwa m'makope, ndipo kope likanyowa kapena tsamba likang'ambika, anthu amakathera kwa amfumu.

Mwana wa mlongo wanga anabwera kuchokera kusukulu ku Tete m'chaka cha 2023 ali ndi laputopu ndi maganizo abwino. Iye ndi anzake awiri anafuna kuyambitsa kakampani kopanga pulogalamu ya m'foni yolembera ngongolezi, kuti venda ndi mlimi aziona chiwerengero chimodzi. Ndinagulitsa ng'ombe ziwiri n'kumupatsa ndalamazo. Mpaka lero sindikayika kuti mwanayu ndi wanzeru. Chimene chinamupweteka n'choti anapanga chinthu choyenera foni ya m'thumba mwake, osayang'ana foni ya m'thumba mwa mlimi.

Pulogalamuyo inkafuna foni yaikulu yotsetsereka ndi chala, pomwe alimi ambiri kuno ali ndi timafoni ta mabatani tosunga moto masiku angapo. Ndinamufunsa tsiku lina tikuotha moto kuti, "Kodi iwe, M-Pesa ija inafika m'dziko muno mu 2013, bwanji amayi ako amatumiza nayo ndalama pa kafoni kawo pongodina *150#, popanda intaneti? Sungapange zoterozo?" Anandiyankha mwaulemu ndithu: "Amalume, zimenezo zikutha. Pakangopita zaka ziwiri aliyense adzakhala ndi foni yaikulu." Ndinakhala chete poganiza kuti wophunzira ndi iyeyo. Kukhala chete kumeneko ndimadandaula nako kuposa ng'ombe zija.

Vuto lenileni linali kumene zolembedwazo zinkasungidwa. Venda akalemba kuti wapereka matumba atatu a feteleza, mawuwo sankatsala m'foni mwake. Ankapita pa intaneti kukakhala pa kompyuta ya kampani ina kutsidya kwa nyanja, imene anyamatawo ankalipira mwezi ndi mwezi m'madola. Netiweki ikasowa, pulogalamuyo inkangozungulira osatseguka. Aliyense wodziwa dera lino akudziwa mmene netiweki imachitira: pamtunda ilipo, ukatsikira kudimba yathawa, ukayandikira malire foni imalumphira ya ku Malawi. Venda ankaima m'munda ndi mlimi, matumba ali poteropo, n'kumakweza foni m'mwamba ngati akuombeza mvula.

Chenjezo loyamba linabwera mu Novembala 2023, banki yaikulu ya Malawi itachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti. Kuno kwacha ndi metikali zimayenda limodzi, ndipo anyamatawo anali atakhomera mtengo umodzi wosinthira metikali ndi kwacha mkati mwa pulogalamu. Ngongole zonse za m'makwacha zinasokonekera tsiku limodzi. Anakonza, mavenda n'kuwakhululukira. Koma sanadzifunse kuti china chimene angochikhulupirira osachiyesa n'chiyani.

Kenaka chinafika chaka cha 2024. Chisankho cha pa 9 Okutobala chitadutsa, kunabuka zionetsero, ndipo chakumapeto kwa mweziwo intaneti ya m'mafoni inayamba kudulidwadulidwa m'dziko muno. Imeneyo ndiyo nyengo yokumba kachewere wa kudimba ndi yogawa feteleza wa dzinja, nthawi imene ngongole zakale zimabwezedwa, zatsopano n'kutengedwa. Mavenda analephera kuona amene ali nawo ngongole. Anabwerera ku makope, ndipo anasiya kulipira kakampaniko.

Zikanathera pomwepo bwenzi lili bala lopola. Koma akaunti ya kompyuta ya kutsidya ija inatsegulidwa pa imelo ya mnzawo mmodzi, ndipo iyeyo, ataona kuti ndalama sizikulowa, ananyamuka kupita ku Johannesburg kukafuna ganyu. Makalata ochenjeza kuti malipiro adutsa ankagwera mu imelo imene palibe ankaitsegula. Pamene mwana wa mlongo wanga anamupeza mnzakeyo pa foni, akaunti inali itatsekedwa, zolembedwa zonse zitafufutidwa. Sanasungeko kwina kulikonse, ngakhale pa laputopu imene ankagona nayo kumutu.

Taganizani zimene zinatsatira. Mlimi wina ankati anatenga matumba awiri, venda ankati anayi, ndipo umboni wa onse awiri unali foni yosatseguka. Anthu amene anachitira limodzi malonda zaka zambiri anasiya kulonjerana pamsika. Mayi wina wamasiye wa m'mudzi woyandikana nafe anabweza thumba limene mtima wanga umandiuza kuti anali atabweza kale. Anabweza chifukwa choopa kutchedwa wakuba. Kufikira lero ndikakumana naye panjira ndimasowa poyang'ana, pakuti ndalama yoyambitsira zonsezi inatuluka m'khola mwanga.

Amene anatipulumutsako pang'ono ndi mlongo wanga, mayi wake wa mnyamatayo. Iye amagula kachewere n'kumagulitsa pa Lizulu, ndipo ngakhale ankagwiritsa ntchito pulogalamu ya mwana wake pofuna kumulimbikitsa, usiku uliwonse ankakoperanso zonse m'kope lake la chikuto chofiira. Mwana wake ankamuseka nazo. Ngongole za alimi amene ankachita naye malonda zinapezeka zonse, tsiku ndi tsiku lake, thumba ndi thumba lake.

Mnyamatayo sanathawe, ndipo pa chimenechi ndimamulemekeza. Anayenda khomo ndi khomo kupepesa, n'kumakhala pansi ndi venda ndi mlimi kuti akumbutsane pamaso pa mboni. Tsopano akulembanso pulogalamuyo ali yekha. Yatsopanoyi imasunga zonse m'foni momwemo ngakhale netiweki palibe, ndipo ikapezeka imatumizira mlimi uthenga wamba pa kafoni ka mabatani kuti naye akhale ndi umboni wake. Mavenda atatu okha ndiwo avomera kuiyesa. Loweruka lililonse amatenga laputopu kupita kwa amayi ake, amayala mphasa pakhonde, iye n'kumawerenga za m'foni, iwo akulondola ndi chala m'kope lofiira lija.