Mpando wa Agogo: Phunziro la Nthenda ya Maganizo

Pali nthenda ina imene siturutsa cironda, ndipo sitenthetsa thupi. Munthu wogwidwa nayo amasowa tulo, nakana cakudya, naleka kupita kumunda. Amakhala yekha kuseri kwa nyumba, mtima uli wolemera. Abale amati walodzedwa, ena amati ndi ulesi cabe. Koma ndi nthenda ndithu, ndipo ikalekereredwa imapha. Amashona a ku Zimbabwe amaicha kufungisisa, ndiko kunena kuganiza kopitirira muyeso.

1. Imfa imene inatsegula maso a dotolo

Dixon Chibanda ndi dotolo wa nthenda za maganizo wa ku Harare. M'caka ca 2005 analandira lamya yomuuza kuti mtsikana wina amene iye anali kumciza wadzipha kumudzi kwao, kutali ndi mzinda. Pamene anafunsa cifukwa cace sanabwere naye ku cipatala, amai ace anayankha kuti analibe ndalama ya basi, madola 15. Pamenepo dotoloyo anazindikira kuti nzeru zace ziri cabe ngati wodwala sangathe kumfika. Masiku amenewo madotolo a nthenda zotere anali owerengeka m'dziko lonselo, ndipo ambiri a iwo anali m'mizinda ikulu-ikulu.

2. Mpando pabwalo la cipatala

M'caka ca 2006 anayamba nchito yatsopano ku Mbare, dera la anthu osauka mu Harare. Analibe ndalama zomangira nyumba, ndipo anamwino anali otanganidwa ndi odwala ena. Amene anapezeka ndiwo amai okalamba 14, amene anali kale kuyenda m'makomo kuphunzitsa za ukhondo. Iwowa anawaphunzitsa, naika mpando wautali wa matabwa pabwalo la cipatala. Nchitoyi inachedwa Friendship Bench, ndiko kuti Mpando wa Ubwenzi.

Wodwala akafika amayamba wayankha mafunso 14 a m'Cishona, kuti kukula kwa nthenda yace kudziwike. Kenaka amakhala pampando ndi agogo, ndipo amakomana nao kufikira kasanu ndi kamodzi. Agogowo sadzudzula, ndiponso salamula. Amamvetsera kufikira munthu atakhuthula zonse za kumtima. Atatero amamthandiza kuchula mabvuto ace limodzi-limodzi, kusankhapo limodzi loti ayambe nalo, ndi kupeza yekha njira yolithetsera. Iye amene nthenda yace yakula, kapena ali ndi maganizo a kudzipha, amaperekedwa msanga kwa namwino kapena kwa dotolo. Pakuti agogo salowa m'malo mwa cipatala.

3. Kuyesa nchitoyo

Munthu wophunzira sakhulupirira cinthu cifukwa cakuti cikoma m'makutu. Cotero Chibanda ndi anzace anayesa njirayi m'zipatala zazing'ono 24 za mu Harare, pa odwala 573. Theka la iwo linakhala pampando, ndipo theka lina linalandira cithandizo ca masiku onse ca kucipatala. Itapita miyezi 6 anawaonanso. Mwa odwala 100 ali onse amene anakhala pampando, pafupi-fupi 14 okha ndiwo anali cipsinjikire mumtima. Koma mwa enawo anali pafupi-fupi 50. Zimenezi zinasindikizidwa m'caka ca 2016 m'magazini ya madotolo ya ku America yochedwa JAMA, ndipo pambuyo pace njirayi inafika ku maiko ena, monga ku Malawi.

4. Cimene ciphunziridwa

Phunziro lace ndi ili, kuti cithandizo ciyenera kufika pamene pali wodwala, ndipo munthu wosapita kutali ndi sukulu akhoza kucipereka, akaphunzitsidwa bwino ndi kuyang'aniridwa. Palibe mudzi wosowa mtengo wa mthunzi, kapena nkhalamba yodziwa kusunga cinsinsi. Akulu anati mutu umodzi susenza denga. Momwemonso mtima umodzi sutha kusenza wokha cisoni ca maliro, ngongole ndi ndeu za m'banja.

Mafunso okambirana

(a) Kodi munthu wodwala maganizo azindikirika ndi zizindikiro zotani?
(b) Nanga agogo a pampando alekeranji kulamula wodwala cocita?
(c) Ndi wodwala wotani amene ayenera kupita naye ku cipatala tsiku lomwelo?
(d) Ndani m'mudzi muno amene wosweka mtima angamuuze zace, osaopa kuzimva mawa ku citsime?