Amai Olera Ana Okha pa Ulendo wa ku Joni

Kale ulendo wa ku Joni unali wa amuna okha. Anyamata a ku Lobi, monga anzao a m'Dedza monse, ankalembedwa ndi Wenela kukakumba m'migodi, kufikira caka ca 1974 pamene ndege inagwa ku Francistown nipha Amalawi 74, boma niyamba laletsa ulendowo. Masiku ano akazi apitanso, ndipo ambiri a iwo ali amai olera ana okha: amasiye, osudzulidwa, ndi ena amene amuna ao anacona. Munda wa kacewere ukakanika kugula feteleza ndi kulipira sukulu, mai akwera basi pa cipata ca Dedza, nadzera ku Tete ndi Harare mpaka ku Beitbridge.

Bvuto loyamba liri pa pasipoti. Mmalawi aloledwa kukhala ku South Africa masiku 30 monga mlendo, osati kugwira nchito. Masikuwo akatha, maiyo akhala mobisala. Bwana akammana malipiro sangakadandaule, poopa kugwidwa ndi kutsekeredwa ku Lindela. Nkhondo yothamangitsa alendo ya 2008 ndi 2015 inapeza amai otere opanda kothawira.

Koma bvuto lolemera koposa ndi mwana. Nchito ya m'nyumba kawirikawiri ifuna kuti mkazi agone kwa bwana, ndipo si abwana onse alola mwana. Cifukwa cace ambiri asiya ana kwa agogo. Kwa Acewa ici si cacilendo, pakuti mwana ali wa mbumba ndipo malume ndiye mwini wace. Komabe gogo wokalamba sangathe kulima, kutunga madzi ndi kulondola mdzukulu ku sukulu, makamaka mwezi umene ndalama sizinabwere. Mwana wobadwira komweko ali ndi lace tsoka: kubadwira ku Joni sikumpatsa unzika wa dzikolo, ndipo ngati mace alibe mapepala, kulembetsa kubadwa kwace kubvuta.

Apa mphunzitsi wa mpingo ali ndi nchito. Anthu afulumira kunena mkazi wopita yekha, ngakhale adya nao ndalama zace. Miseceyo aitseke m'Mphakati. Mai asananyamuke, aone kuti watenga kalata ya ubatizo, kuti anenedwe kwa ansembe a kumene afikako. Ndipo alembe maina a ana otsala ndi agogo, awayendere, makamaka m'Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zitatha.