Kompyuta Ikayamba Kuzimazima, Pulumutsani Kaye Zolemba Zanu

Amayi anzanga, m'magulu athu ambiri kaundula wa mamembala, zopereka ndi ngongole za banki m'khonde sizikulembedwanso m'kope mokha. Alembi ndi asungichuma ena akugwiritsa ntchito laputopu, kawirikawiri yogula kwa munthu wina kapena yobwereka kwa mwana wa ku koleji. Kompyuta ikafa, ina imagulidwa. Koma kaundula wa ngongole akatayika, pamabuka mikangano imene ingathe kupasula gulu, ndipo mayi wosalakwa amatha kutchedwa wakuba. Tiyeni tiphunzire zoyenera kuchita kompyuta ikayamba kuima, kuzima yokha kapena kukana kuyaka.

Kodi zolemba zanu zimakhala pati?

M'kati mwa kompyuta muli kachipangizo kamene kamasunga chilichonse chimene mwalemba. Makompyuta akale ali ndi hard disk, imene ili ndi timbale tozungulira ka 5,400 kapena ka 7,200 pa mphindi imodzi. Ikamatha, nthawi zambiri imalira kuti tiki tiki, ndipo mwini wake amachenjezedwa. Makompyuta ambiri a masiku ano ali ndi SSD. Iyi ilibe chozungulira chilichonse. Imasunga zinthu mofanana ndi memory card ya m'foni. Ndi yachangu ndipo siwonongeka msanga laputopu ikagwedezeka. Vuto lake ndi lakuti imafa mwakachetechete. Dzulo inali bwinobwino, lero kompyuta sikuiona n'komwe.

Timalo tosungira zinthu mu SSD timaperepeseka pang'onopang'ono nthawi iliyonse pamene palembedwa zatsopano. Kulemba makalata ndi malipoti a gulu sikungaimalize msanga, koma laputopu yogula kwa wina simudziwa kuti inagwira ntchito yotani m'mbuyomu. Nthawi zinanso chimene chimafa ndi kachipangizo koyendetsa SSD yonse, makamaka magetsi akazima mwadzidzidzi kompyuta ili m'kati mosunga zinthu.

Zizindikiro zoti SSD ikudwala

Kompyuta imaima kwa kanthawi mukamatsegula kapena kusunga fayilo. Fayilo imene inkatseguka dzulo imakana, kapena imasowa. Kompyuta imakana kusunga chatsopano chilichonse ngakhale zakale zikutseguka. Ma SSD ena amadzitsekera motere akaona kuti atsala pang'ono kufa. Poyatsa, pamatuluka mawu akuti "No bootable device", ndipo mukayesanso kachiwiri kapena kachitatu imayaka. Sikirini imasanduka yabuluu, kapena yakuda pa Windows 11 yatsopano, n'kulemba mawu ngati INACCESSIBLE_BOOT_DEVICE, KERNEL_DATA_INPAGE_ERROR kapena UNEXPECTED_STORE_EXCEPTION. Musadandaule kuti mawuwo simukuwamva. Ajambuleni ndi foni, chifukwa adzathandiza wokonza.

Choyamba kuchita

Mukaona chimodzi mwa zizindikirozi ndipo kompyuta ikadayakabe, musayambe ndi kukonza. Tengani fulashi n'kukoperapo zolemba zanu tsiku lomwelo. Yambani ndi zimene simungazipezenso kwina: kaundula wa ngongole, malipoti a chuma, maminitsi a misonkhano, zikalata za sukulu za ana. Zimenezi ndi zing'onozing'ono ndipo zimakopeka m'mphindi zochepa. Zithunzi zibwere pambuyo, nyimbo ndi mafilimu pamapeto. Mukatha, tsegulani mafayilo angapo a pa fulashiyo pa kompyuta ina kuti mutsimikize kuti akutseguka.

Musamangoizimitsa ndi kuiyatsa kambirimbiri, ndipo musaikemo mapulogalamu atsopano "oyeretsa" kompyuta. Mwina kuyaka kumene yayaka lero ndi komaliza.

Kufufuza gwero la vuto

Ku chipatala, munthu akabwera atatentha thupi sitimupatsa mankhwala a malungo tisanamuyeze magazi, chifukwa kutentha thupi kumabwera ndi matenda ambiri. Kompyuta nayonso imazima pa zifukwa zambiri, ndipo kugula SSD yatsopano musanayeze kungakhale kutaya ndalama.

Yambani ndi kulemba m'kope tsiku, nthawi ndi chimene mumachita pamene yazima. Ngati imazima ikagwira ntchito kwa kanthawi, pansi pake patatentha kwambiri ndipo fani ikulira, ganizirani za kutentha. Fumbi limatseka timabowo totulukira mpweya, ndipo laputopu yoikidwa pa bedi kapena pa chitenje imabanika. Ngati imazima mukangochotsa kapena kugwedeza chaja, vuto ndi batire kapena chajayo. Ngati vuto linayamba mutangobwera kumene kosindikiza mapepala ndi fulashi, ndipo mafoda anu asanduka ma shortcut, ameneyo ndi vairasi.

Windows ili ndi zida zoyezera zaulere. Lembani mawu akuti reliability pamalo ofufuzira, ndipo mudzaona tchati chosonyeza masiku amene kompyuta inavuta, ali ndi chizindikiro chofiira. Windows Memory Diagnostic imayeza RAM, imene ndi malo amene kompyuta imagwirirapo ntchito ikayaka. RAM yowonongeka imazimitsanso kompyuta ngakhale SSD ili yabwino. Pa SSD yeniyeniyo pali pulogalamu yaulere yotchedwa CrystalDiskInfo, imene wokonza angaiyendetse kuchokera pa fulashi. Imawerenga lipoti limene SSD imadzisungira yokha, n'kulemba kuti Good, Caution kapena Bad. Ikalemba Caution kapena Bad, sinthani SSD mwamsanga. Ikalemba Good koma zizindikiro zikupitirira, musakhazikike mtima, pakuti SSD ingathe kufa lipoti likadali labwino.

Mukapita kwa wokonza

Okonza ena amathamangira kufufuta zonse n'kuikamo Windows yatsopano, zimene amati kufomata. Muuzeni asanakhudze chilichonse kuti musafomate ndisanakopere zolemba zanga. Pa SSD, zimene zafufutidwa nthawi zambiri sizibwezeka ngati mmene zimathekera pa hard disk, chifukwa SSD imayeretsa yokha malo amene afufutidwawo.

Mufunseni akuonetseni zotsatira za kuyeza asanakugulitseni chatsopano. Ma SSD alipo a mitundu iwiri yodziwika: ya SATA yooneka ngati kabokosi kophwatalala, ndi ya M.2 yooneka ngati kandodo kakang'ono. Muyenera kugula yogwirizana ndi laputopu yanu, ndipo mutenge lisiti ndi chitsimikizo. Yakaleyo musaisiye ku shopu. Muli maina a anzanu, ngongole zawo, mwinanso maina a odwala amene gulu limawayendera, ndipo zimenezo ndi zachinsinsi.

Kudziteteza lisanafike tsikulo

Zolemba zofunika zikhale m'malo atatu: mu kompyuta, pa fulashi, ndi pena pake kutali ndi nyumba imene kompyutayo imakhala. Malo achitatuwa angakhale Google Drive, imene imapereka 15 GB yaulere kwa aliyense amene ali ndi Gmail, kapena fulashi yachiwiri yosungidwa ndi wapampando. Fulashi yokhala m'chikwama chimodzi ndi laputopu imabedwa kapena kunyowa pamodzi nayo. Sankhani tsiku lokopera, monga tsiku lililonse la msonkhano mukangomaliza kuwerengera ndalama, ndipo mayi wachiwiri aone ndi maso ake kuti zachitika. Kumapeto kwa mwezi sindikizani lipoti la chuma pa pepala, wapampando ndi msungichuma asainire. Kope la pamanja musalitaye.

Zimitsani kompyuta mwa dongosolo lake, osati pokanikiza batani. Ngati ndi kompyuta ya patebulo yopanda batire, monga za m'maofesi, ifunika UPS kuti magetsi akazima mukhale ndi mphindi zingapo zosunga ntchito yanu. Musaidzazenso SSD mpaka pakamwa. Siyani malo ena opanda kanthu kuti igwire ntchito bwino.

Zokambirana pa msonkhano wanu

Kodi kompyuta kapena foni ya mlembi wathu itafa usiku uno, tingadziwe bwanji amene ali ndi ngongole ndi kuchuluka kwake? Ndani mwa ife adzasunga fulashi yachiwiri? Ndi tsiku liti limene tidzikopera zolemba zathu, ndipo ndani adzakhala mboni?