Kuika Felemu pa Kalilole wa Pakhoma: Phunziro la ku Zomba

M'nyumba zambiri ndi m'malo ometera tsitsi mumzinda wa Zomba muli akalilole opanda felemu, ongogwiridwa ndi misomali yopinda. Kalilole wotere savuta kubenthuka, ndipo pakapita nthawi amada m'mbali. Nkhani ino ikufotokoza njira yomuikira felemu, ndi chifukwa chake mmisiri wa ku Zomba ayenera kuganizira chinyontho asanaganizire zokongoletsa.

Phiri la Zomba, lomwe nsonga yake imapitirira mamita 2,000, limalandira mvula yambiri, ndipo mu Juni ndi Julayi chiperoni chimabweretsa chifunga ndi mawawa. Thabwa limamwa chinyontho n'kufufuma, ndipo pofika Okutobala limauma n'kunyala. Galasi silitero ayi. Motero felemu yothina ikhoza kuswa kalilole, pomwe ya thabwa laliwisi imayasama m'makona. Chinyontho chomwecho ndicho chimadya utoto wonyezimira wa kuseri kwa galasi, kuyambira m'mphepete.

Choyamba tsono ndi kusankha thabwa. Paini, yemwe anadzalidwa kwambiri paphiripo, ndi wotsika mtengo komanso wofewa posema, koma amagwidwa chiswe ngati sanathiridwe mankhwala. Mbawa ndi mlombwa ndi zolimba ndipo zimaoneka bwino zikapakidwa vanishi. Mkungudza umanunkhira ndipo chiswe sichiukonda, koma mtengowu, womwe unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984, watsala pang'ono kutha m'phiri la Mulanje. Lamulo la nkhalango la 1997 limaletsa kudula mitengo m'nkhalango zotetezedwa popanda chilolezo. Choncho wogula afunse komwe thabwa lachokera, apo ayi agwiritse ntchito thabwa la chitseko chakale, lomwe linauma kalekale.

Chachiwiri ndi muyeso. Tsitsani kalilole, mumugoneke pa bulangete, muyese m'litali ndi m'lifupi. Dulani timatabwa tinayi ta masentimita 5 mpaka 7 m'lifupi, chifukwa thabwa lalikulu limafufuma kwambiri. Kuseri kwa kathabwa kalikonse gobani kampata kokhalamo galasi, ndipo musiye danga la mamilimita 2 mbali zonse. Nsonga zidulidwe mopendeka pa madigiri 45 kuti ziwiri zikakumana zipange kona yoongoka. Mukalumikiza ndi guluu ndi timisomali, yesani kuchokera kona ina kukafika yopingasana nayo. Miyeso iwiriyo ikafanana, felemu yaongoka.

Chachitatu ndi kukongoletsa. Amisiri osema ziboliboli, monga amene amagulitsa ntchito zawo pafupi ndi hotela ya Ku Chawe, angathe kusemapo masamba, nsomba kapena mizere. Kusemako kuchitike galasi lisanalowe. Vanishi apakidwe mbali zonse, ngakhale mkati mwa kampata, popeza kalilole amaonetsa kuseri kwa mlomo wa felemu.

Pomaliza, lowetsani galasi, mutseke kumbuyo ndi pulayiwudi, ndipo mupachike ndi masikuluu awiri olowa bwino m'khoma. Ikani timitengo ting'onoting'ono kuseri kuti mpweya uzidutsa pakati pa khoma ndi felemu. Mmisiri akatsata zimenezi, kalilole amapirira dzinja ndi chilimwe cha ku Zomba kwa zaka zambiri.