Njira ya zigawo yopitira ku Canada: kalata ya kuntchito ndiyo ikugwetsa anthu

Ku Canada kuli njira yopezera chilolezo chokhazikika m'dzikomo imene imayambira kuchigawo, osati kuboma lalikulu la ku Ottawa. Dzina lake ndi Provincial Nominee Program, ambiri amangoti PNP. Chigawo monga Manitoba, Saskatchewan, Alberta kapena Nova Scotia chimasankha munthu amene ntchito yake ikusowa kumeneko n'kumupatsa chikalata chomuvomereza, kenako IRCC, unduna woona za olowa m'dziko, ndiwo umapereka chilolezo chenichenicho. Quebec ndi Nunavut sizili m'dongosolo limeneli. Munthu amene walembetsa kale mu Express Entry, dongosolo la IRCC losankha anthu potengera mapointi, akavomerezedwa ndi chigawo amawonjezeredwa mapointi 600 pa mapointi onse 1,200, ndipo zikatero kuitanidwa sikuvutanso. N'chifukwa chake anamwino, aphunzitsi, amakaniko ndi alangizi a zaulimi kuno ku Chipangali ndi ku Chipata amaifunsa kwambiri njirayi.

Dziwiranitu kuti mu 2025 khomo linachepa. Malo a PNP anadulidwa kuchoka pa 110,000 mu 2024 kufika pa 55,000 mu 2025, ndipo zigawo zinauzidwa kuti ziyambe ndi anthu amene ali kale ku Canada. Manitoba imafuna kuti wofunsira ali kunja akhale ndi wachibale kapena mnzake wokhazikika kumeneko, kapena akhale woti anaphunzirako, anagwirako ntchito, mwinanso anachita kuitanidwa ndi chigawocho. Saskatchewan inayamba kuika patsogolo a zaumoyo, a zaulimi ndi a ntchito zamanja. Malamulowa amasintha ngakhale pakati pa chaka, choncho zimene anakuuzani msuweni wanu amene anapita mu 2019 zilekeni, werengani nokha zimene chigawocho chalemba lero.

Zokonzekera zoyamba n'zodziwika. Pasipoti ikhale yosatha msanga. Lembani mayeso a Chingerezi a IELTS ku Lusaka, ndipo akhale a General Training chifukwa a Academic salandiridwa pa njirayi. Pa nthambi ya Express Entry yotchedwa Federal Skilled Worker pamafunika 6.0 pa chilichonse mwa zinayi, kumva, kuwerenga, kulemba ndi kuyankhula, ndipo zotsatira zimagwira ntchito zaka 2 zokha. Mapepala a sukulu apite ku bungwe lowayerekeza ndi a ku Canada, monga WES, ndipo atumizidwe ndi sukulu yeniyeniyo, kaya ndi UNZA, CBU kapena koleji yanu, osati ndi inu. Lipoti lake limakhala zaka 5. Mapointi a msinkhu amayamba kutsika mukakwanitsa zaka 30 ndipo pa zaka 45 amatheratu.

Zonsezi anthu amazikwanitsa. Pamene ndaona ambiri akugwa, ena atawononga kale ndalama za fodya wa nyengo yonse, ndi pa kalata yochokera kuntchito.

Canada inaika ntchito zonse m'kaundula wotchedwa NOC. Kuyambira mu November 2022 ntchito iliyonse ili ndi nambala ya manambala asanu, ndipo ili m'gulu la TEER, losonyeza maphunziro ndi luso lofunika pa ntchitoyo, kuyambira 0 mpaka 5. Express Entry imalandira magulu 0, 1, 2 ndi 3 okha. Namwino wolembetsedwa ndi 31301, mphunzitsi wa sekondale ndi 41220, makaniko wa galimoto ndi 72410, wowotcherera zitsulo ndi 72106. Pansi pa nambala iliyonse pali chiganizo chofotokoza ntchitoyo mwachidule ndi mndandanda wa zimene woigwira amachita tsiku ndi tsiku. Ofisala wa IRCC sayang'ana dzina la udindo wanu. Amaika kalata yanu pambali pa mndandandawo n'kuona ngati zimene munkachita zikugwirizana ndi zambiri mwa zolembedwazo. Ndibwereze chifukwa apa m'pamene pagona nkhani: dzina la udindo silikulowetsani, chimene chimakulowetsani ndi zochita zolembedwa m'kalata.

Makalata amene timapatsidwa kunoku ndi aulemu koma opanda kanthu. Amati Bambo Uje agwira nafe ntchito zaka zisanu, ndi olimbikira, okhulupirika ndiponso oopa Mulungu, tikuwafunira zabwino. Kalata yotere ndi yabwino pofunsira ntchito ku Lundazi. Ku IRCC ilibe mphamvu iliyonse. Imene ikufunika ikhale pa pepala la kampani kapena la ofesi lokhala ndi adiresi, foni ndi imelo. Itchule dzina lanu monga lilili m'pasipoti, udindo uliwonse umene munakhalapo, tsiku loyamba ndi lomaliza pa udindo uliwonse, maola amene munkagwira pa mlungu, malipiro a pa chaka pamodzi ndi maalawansi, ndi zochita zanu chimodzi chimodzi. Pansi pake pakhale dzina, udindo ndi siginecha ya bwana wokuyang'anirani kapena wa ofesi yoona za antchito. Maola ndi malipiro ndizo zimaiwalika kawirikawiri, ndipo chimodzi chikasowa kalata yonse ikhoza kukanidwa. Chaka chimodzi kwa IRCC ndi maola 1,560, kutanthauza maola 30 pa mlungu kwa miyezi 12, ndipo ikhale ntchito yolipidwa. Miyezi imene munathandiza pa kiliniki mongodzipereka podikira kuti boma likulembeni siwerengedwa, ngakhale munagwira usana ndi usiku.

Kusankha nambala nakonso kumafuna mutu wozizira. Tiyerekeze mayi amene amagwira mu ofesi ya ndalama pa kampani yogula thonje. Pa khadi lake palembedwa kuti ndi akauntanti, ndiye amathamangira 11100. Koma ngati ntchito yake ndi kulemba mabuku a ndalama, kuyanjanitsa maakaunti ndi kukonza malipiro, nambala yake ndi 12200, imene ili mu TEER 2 ndipo imalandiridwa bwinobwino. Ngati amangolowetsa ma invoisi ndi malisiti, ndiye kuti ndi 14200 ya TEER 4, imene Express Entry siilandira. Kusankha nambala yapamwamba chifukwa ikumveka bwino, kapena chifukwa ndi imene chigawo chikuitana mwezi uno, ndiko kudzitchera msampha. Yambani ndi kulemba pa pepala zimene mumachita kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, kenako fufuzani nambala yogwirizana nazo. Musayambire ku nambala.

Ena akamva zimenezi amakopera mndandanda wa NOC liwu ndi liwu n'kupita nawo kwa bwana kuti asaine. Musatero. Maofisala amaudziwa mndandandawo kuposa inu, ndipo kalata yokopera imawapatsa chifukwa chokayikira zonse. Lembani m'mawu a pamalo panu: odwala angati pa wodi, makalasi ati ndi phunziro liti, injini za mtundu wanji, alimi a m'makampu angati.

Kwa bwana pitani msanga, musanalembetse n'komwe. Mukaitanidwa ndi IRCC mumapatsidwa masiku 60 okha oti mupereke mapepala onse, ndipo amene anayendapo m'maofesi a boma akudziwa kuti kalata yoyambira kwa ahedi, kudutsa kwa a DEBS, ikhoza kudya masiku onsewo. Tengani chitsanzo cholembalemba, afotokozereni mwaulemu chifukwa chake kalata ya masiku onse siyokwanira. Akakana kulemba malipiro kapena zochita, sungani umboni wa kukanako, ndipo phatikizani kontrakiti, kalata yokulembani ntchito, mapeyisilipi, sitetimenti ya ku banki yoonetsa malipiro akulowa, ndi sitetimenti ya NAPSA ngati mumadulidwa. Onjezerani kalata yanu yaifupi yofotokoza zimene zachitika. Kampani ikakhala kuti inatsekedwa, njira ndi yomweyo, kuphatikizapo kalata yolumbirira ya amene anali kukuyang'anirani. Wodzilemba yekha ntchito, monga mwini garaja kapena mlimi wa soya ndi nshawa, sangadzilembere yekha kalata. Amafunika mapepala a PACRA ndi a ZRA, ndi umboni wochokera kwa amene ankamugula kapena kumulipira. Amene amalandira malipiro pamanja popanda pepala lililonse ayambe lero kupempha kuti azilipidwa kudzera ku banki.

Ndipo musagule kalata. Pali anthu amene amalonjeza kukukonzerani kalata ya zaka zitatu pa kampani imene simunapondepo, kapena kukupezerani ntchito ku Canada mukalipira. IRCC imaimba foni kwa olemba ntchito, ndipo bodza likapezeka lamulo limakutsekerani kunja zaka 5, ngakhale wonamayo akhale ejenti wanu. Kuyambira pa 25 March 2025 kalata yolonjeza ntchito siwonjezeranso mapointi mu Express Entry, choncho wokugulitsani kalata ya ntchito ponena za mapointi akukuberani. Wololedwa kukulipiritsani pa uphungu ndi loya wa ku Canada kapena munthu amene dzina lake lili m'kaundula wa College of Immigration and Citizenship Consultants, amene aliyense angathe kumuona kwaulere.

Kalata ikakhala m'manja, zotsalazo zimayenda motsatana. Tsegulani mbiri yanu mu Express Entry, sonyezani zigawo zimene mukufuna, lembetsaninso ku chigawocho ngati chili ndi kaundula wakewake. Zimene mwalemba uku ndi uko zifanane mpaka tsiku ndi mwezi. Chigawo chikakuvomerezani muli ndi masiku 30 oti muvomere. Kenako pamabwera kupimidwa ndi dokotala wovomerezedwa ndi IRCC, kudinda zala, ndi kalata ya polisi yochokera ku dziko lililonse limene munakhalako miyezi 6 yotsatizana m'zaka 10 zapitazi, osawerengera nthawi imene munali musanakwanitse zaka 18. Amene munakagwirako ntchito ku Joni kapena ku Lilongwe, ifunsireni msanga ya kumeneko.

Za ndalama ndingoyerekeza. IELTS ndi cha m'ma K5,000 kapena kuposa, osawerengera basi ya pa Great East Road ndi malo ogona ku Lusaka, ndipo ambiri amalemba kawiri. WES ndi madola a ku Canada pafupifupi 300. Zigawo zambiri zimalipiritsa, kuyambira madola mazana angapo mpaka cha m'ma 1,500 kapena kuposa, ndipo IRCC imafunanso cha m'ma 1,500 pa munthu wamkulu aliyense. Pamwamba pa izi muonetse ndalama zodzayambira moyo, pafupifupi madola 15,000 kwa munthu mmodzi ndi cha m'ma 28,000 kwa banja la anthu anayi. Zikhale zanu, osati zakaloba kapena zobwereka kwa amalume kwa mlungu umodzi, pakuti kalata ya banki imaonetsa mmene akaunti yakhalira miyezi 6 yapitayo. Ngati mwagulitsa ng'ombe kapena puloti, sungani pangano la malondawo ndipo ndalamazo zilowe ku banki nthawi ikadalipo.