Amayi amene amagwa m'malo mwa ena m'mafilimu: mafunso ndi mayankho

Amene amaonera mafilimu m'nyumba za vidiyo pa Nathenje kapena pa Mitundu anaonapo mayi akudumpha kuchoka padenga, akugubuduzika ndi njinga yamoto kapena akuponyedwa pazenera lagalasi. Kawirikawiri thupi limene likugwalo si la mwini nkhope imene timaidziwa. Ndi la mayi wina amene ntchito yake ndi imeneyo.

Kodi mayi ameneyu ndi ndani?

Opanga mafilimu amamutcha stuntwoman. Ndi katswiri wolembedwa ntchito kuti achite mbali zoopsa za filimu, monga ndewu, kugwa kuchoka pamwamba, kuyaka moto ndi kuthamangitsa galimoto. Amavekedwa zovala ndi tsitsi zofanana ndi za wosewera wamkuluyo, ndipo kamera imapewa nkhope yake.

Bwanji wosewera wamkuluyo osangochita yekha?

Akathyoka mwendo, ntchito yonse imaima ndipo anthu ambirimbiri amakhala manja lende kudikira kuti achire. Makampani a inshuwalansi nawonso salola kuti iye aziika moyo pachiswe. Alipo ochepa amene amachita okha, monga Michelle Yeoh, amene mu 1992 anadumpha ndi njinga yamoto n'kukatera pamwamba pa sitima ikuyenda mufilimu ya Supercop, momwe anali ndi Jackie Chan.

Zimene timaonazo zimachitikadi, kapena ndi za kompyuta?

Zambiri zimachitikadi, koma zimakonzedwa mosamala. Wodumpha amamangidwa zingwe zimene pambuyo pake amazifufuta pakompyuta, pansi amayala matilesi kapena chithumba cha mpweya, ndipo nkhonya imadutsa pafupi ndi tsaya osakhudza. Pamakhala mkulu woyang'anira mbali zoopsa, amene amayeza mtunda ndi liwiro n'kuyeserera ndi anthu ake kangapo asanayambe kujambula.

Amayi anayamba liti ntchito imeneyi?

Anayamba mafilimu asanayambe n'kukhala ndi mawu omwe. Ku America, Helen Gibson ankadumphira pasitima zoyenda m'mafilimu a The Hazards of Helen, amene anatuluka pakati pa 1914 ndi 1917. Mu 1979 Kitty O'Neil, amene anali wosamva kuyambira ali khanda, anadumpha mamita pafupifupi 39 kuchoka pahotela ina ku Los Angeles pojambula Wonder Woman.

Mavuto awo akusiyana pati ndi a amuna?

Choyamba ndi zovala. Mwamuna wovala jekete ndi buluku amabisa zotetezera mawondo, zigongono ndi msana, pamene mayi amene akulowa m'malo mwa wosewera wovala diresi lalifupi ndi nsapato za gogoda amagwa khungu lili pamtunda. Chachiwiri, amayembekezeka kukhala ndi thupi lofanana ndi la wosewerayo, choncho ena amadzichepetsa thupi pamene ntchito ikufuna mphamvu. Pathupi ndi uchembere nazonso zimawaimitsa miyezi yambiri, pomwe malipiro amabwera pokhapokha munthu akaitanidwa.

Ndi zoona kuti nthawi zina amuna amavala wigi n'kuchita mbali ya mkazi?

Ndi zoona, ndipo mchitidwewu ndi wakale. Oyang'anira ena ankanena kuti mbaliyo ndi yoopsa kwambiri kwa mkazi, n'kuipereka kwa mwamuna pamodzi ndi malipiro ake. Momwemonso azungu ankapakidwa utoto wakuda kuti alowe m'malo mwa osewera akuda. Amayi a ntchitoyi akhala akulimbana ndi zonse ziwirizi, chifukwa munthu wosapatsidwa mpata sapeza luso, ndipo wopanda luso saitanidwa.

Alipo amene anavulala kwambiri kapena kumwalira?

Alipo. Mu 2015 Olivia Jackson wa ku South Africa anawombana ndi chitsulo chonyamula kamera ali panjinga yamoto, pojambula Resident Evil: The Final Chapter m'dziko lakwawo, ndipo mkono wake wakumanzere unadulidwa. Mu 2017 Joi Harris, katswiri wa mipikisano ya njinga zamoto, anamwalira ku Vancouver pojambula Deadpool 2. Onse awiri sanavale chisoti, popeza anthu a m'nkhanimo amene iwo ankawaimira sankavala.

Kuno ku Malawi ntchito imeneyi ilipo?

Mafilimu athu odziwika, monga Seasons of a Life ndi The Last Fishing Boat a Shemu Joyah, kapena Lilongwe ya Joyce Mhango Chavula, amatsamira pa nkhani za moyo wa anthu osati pa ndewu ndi ngozi za galimoto. Kuno kummwera kwa Africa, mafilimu akuluakulu ofuna anthu otere amajambulidwa kwambiri ku Cape Town ndi Johannesburg. The Woman King ya mu 2022, yonena za asilikali aakazi a ku Dahomey, inajambulidwa ku South Africa komweko.

Mtsikana wa kuno amene akuifuna angayambire pati?

Ayambe ndi luso limodzi lenileni pansi pa mphunzitsi: karate, judo, nkhonya, kusambira kapena masewera ogadabuka. Anisha Basheel ndi Ellen Simwaka anaonetsa kale pa nkhonya kuti mtsikana wa ku Malawi angathe kufika patali ndi masewera amphamvu. Ngati akufuna za njinga yamoto kapena galimoto, akhale ndi laisensi. Kuti adziwane ndi opanga mafilimu angafunse ku Film Association of Malawi, ndipo asayese zimene waona pavidiyo pamsewu wa M1 kapena panjinga ya kabaza.

Akaitanidwa kukajambula, afunse chiyani asanavomere?

Afunse kuti achita chiyani kwenikweni, ndani akuyang'anira chitetezo, ayeserera kangati, ndipo chipatala chapafupi chili kuti. Zonse zilembedwe papepala: malipiro, komanso amene adzalipire mankhwala ndi chipukutamisozi akavulala. Ngati zimene anagwirizana zasinthidwa mwadzidzidzi patsiku lojambula, ali ndi ufulu wokana.

Ntchito yawo imayamikiridwa?

Mayina awo amangodutsa kumapeto kwa filimu, anthu atayamba kale kutuluka. Mphoto za Taurus World Stunt Awards, zimene zinayamba mu 2001, zili ndi gawo la amayi. Bungwe lopereka mphoto za Oscar nalo linalengeza mu 2025 kuti kuyambira pamwambo wa 2028 kudzakhala mphoto ya okonza mbali zoopsa za mafilimu.